Ababa Ali pa Sitepe 4

Kuyambira mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndinasiya kufunsa anthu a m'nyumba mwanga mafunso amene yankho lake limafuna ndalama. Sindifunsa ngati akhuta. Sindifunsa ngati nsapato ikuthina. Mwana akatsokomola ndimakweza wailesi. Nzeru imeneyi yasunga mtendere pakhomo panga ku Kawale, kufikira pamene anthu ena ochita kafukufuku anapita kusukulu kwa mwana wanga wa Sitandade 5 n'kukamufunsa zonse zimene ine ndakhala ndikuzemba. Kalata yopempha chilolezo inabwera ndithu, ndipo ndinasaina mwachangu poganiza kuti nkhani yake ndi ya phala.

Akuti anamufunsa ngati amamva kuwawa m'thupi, ngati amagona bwino, ngati amada nkhawa, ngati anzake amamusala posewera. Zonsezo ndikanapirira. Chimene chandiphera ulemu ndi chithunzi cha makwerero chimene chinali kumapeto kwa pepala, masitepe kuyambira 0 mpaka 10. Pansi ndi moyo woipitsitsa, pamwamba ndi moyo wa mwanaalirenji, ndipo mwana aloze pamene waima. Anthuwo anatenga mapepala awo n'kukwera galimoto, koma makwerero anatsalira m'mutu mwa mwana wanga.

Tsopano chilichonse m'nyumba muno chili ndi sitepe yake. Bonya ali pa 3. Soya ali pa 4, koma akaikidwa tomato amakwera pa 5. Tiyi wopanda shuga ali pa 1, ndipo akuti sanafike pa 0 chifukwa amakhala wotentha. Nkhuku ili pa 9, ngakhale mwanayo wavomera kuti akungoikumbukira. Mphaka wa aneba ali pa 7. Amalume ake a ku Joni, amene chaka chatha anatumiza chikwama cha sukulu chokha basi, ali pa 8.

"Nanga ine?" ndinafunsa, ndikudzikonza kolala.

"Inu ababa muli pa 4."

Pamodzi ndi soya wopanda tomato. Ine amene ndimadzuka tambala asanalire, n'kulimbana ndi makondakitala mu Old Town kuti ndikafike ku City Centre mabwana asanafike. Ine amene Loweruka ndimakatchetcha kapinga ku Area 43, kumene agalu amadya kawiri patsiku ndipo ali ndi dokotala wawo. Ndinapempha apilo. Anandiuza kuti ndinali pa 5, koma ndinatsika tsiku limene ndinabwera ndi buledi watheka.

Musandione chonchi, makwererowa ndimawadziwa. Ntchito yanga ndi ya umesenjala, ndipo malipoti a kafukufuku ndawanyamula m'makatoni mpaka msana unaphunzira kuwerenga. Mu kafukufuku wa MICS wa 2019-20, amene ofesi ya NSO ya ku Zomba inachita mothandizidwa ndi UNICEF, munali makwerero omwewa ndi tinkhope tisanu, kuyambira kosekerera mpaka kokwinya. Kungoti kumeneko ankafunsa anthu a zaka 15 mpaka 49. Za ana a zaka 5 mpaka 17 ankayankha ndi mayi kapena wowalera, ndipo ine dongosolo limenelo ndinkaligwirizana nalo kwambiri. Kholo likafunsidwa ndi mlendo wovala bwino, mwana wake amadya katatu, samenyedwa, ndipo amagona m'neti. Koma atatenga ana a zaka 7 mpaka 14 n'kuwapatsa kankhani kuti awerenge okha, anapeza kuti wotha kuwerenga bwinobwino ndi mmodzi yekha mwa asanu. Apa makolo tinalibe poyankhira.

Ndiye akatswiri anaona kuti bola kufunsa mwini thupi. Ku Blantyre anamasulira m'Chichewa mafunso a EQ-5D-Y, amene mwana amayankha yekha za kuyenda, kudzisamalira, zochita za tsiku ndi tsiku, ululu ndi nkhawa, kenako n'kuloza thanzi lake pa mzere wa 0 mpaka 100. Ndikuthokoza kuti wangayu sanauone mzere umenewo. Pa makwerero ndimatha kudzitonthoza kuti 4 ali pafupi ndi 5. Kumva kuti ndili pa 38 sindikanadzuka.

Matendawa ndi opatsirana. Lolemba ndinapezeka ndikufunsa kondakitala kuti mtima wake uli pa sitepe iti pamene akukweza mtengo chifukwa choti kwagwa mvula. Anati uli pa 10, ndipo ndikapitiriza ndiyenda wapansi. Ndinafunsa mlonda wa kuofesi, iye anati makwerero ake anabwereka aneba ndipo sanabweze. Mayi a kunyumba nditawafunsa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati pepalalo lili ndi malo olemba pansi pa 0. Alandilodi okha ndiwo anayankha mwaulemu: ali pa 2, ndipo adzafika pa 10 tsiku limene ndidzamalize ya mwezi watha.

Komatu kufunsa mwana si kulakwa, ndipo ife amene tinakula tikuuzidwa kuti mwana salankhula pamaso pa akulu tinabisa zambiri zimene zinkafunika kunenedwa. Chimene chimandiwawa ndi zimene zimachitika mwana akayankha. Mu 2013 boma linachita kafukufuku wa nkhanza kwa ana, ndipo achinyamata a zaka 13 mpaka 24 anaulula zimene sanauzepo ngakhale amayi awo. Mtsikana mmodzi mwa asanu anachitidwapo nkhanza zogonana asanafike zaka 18. Anyamata awiri mwa atatu anamenyedwapo. Ana anachita mbali yawo, ananena. Ife tinasindikiza buku lokongola, tinalikhazikitsa ndi zokamba ndi zakumwa, ndipo makatoni otsala amanyamula ndi anthu ngati ine. Mwana amene waloza sitepe 2 chifukwa cha njala mawa amapitanso m'kalasi ndi njala yomweyo, atawerengedwa bwinobwino. Ndipo ana aja amene amapempha pa mlatho wa Lilongwe ndi mumsewu wa Malangalanga, amene amagona m'makonde a masitolo, safunsidwa n'komwe, chifukwa kafukufuku amagogoda pakhomo kapena kulowa m'kalasi, ndipo iwo alibe zonse ziwiri.

Pepani, ndinakweza mawu. Munthu wa pa 4 sayenera kukalipa.

Chimene chinkandisowetsa tulo n'chakuti mwanayo anaika aliyense pa makwerero, koma sananene pamene anadziika yekha. Nditalandira ya kapinga ndinadzera mumsika, ndinagula mandasi awiri onenepa, n'kumuitanira kuseri kwa nyumba amayi ake asakuona.

"Mwanawe, tandiuza, iwe unaloza pati?"

Anadya loyamba. Anadya lachiwiri. Anapukuta mafuta pa diresi, kenako anandiuza kuti anthu aja ananena kuti mayankho ndi achinsinsi, ngakhale aphunzitsi kapena makolo sayenera kuwadziwa. Anawonjezera kuti kusukulu anaphunzira za ziphuphu, ndipo kuyambira lero ndili pa 3, limodzi ndi bonya.