Chiphaso cha Kuyenda Pansi

Loweruka lapitali ndinapsa mtima pa Kamunhu, kuno ku Mabvuku, ndipo nkhani yake inali nsapato za azakhali anga. Iwo anamva kuti pali kagulu ka okwera mapiri kamene kamachita hayala kombi kupita cha ku Domboshava, nanena kuti nawonso akufuna kukaona dziko ali pamwamba miyendo isanakane. Ndinawaperekeza mbandakucha. Moni tisanapereke n'komwe, atcheya a gululo anali atawerama kale, maso pa mapazi a azakhali.

"Mayi, mukupita kuti ndi zimenezi?"

Zimenezozo zinali nsapato zansalu, zoyera bwino, zochapidwa dzulo lake.

Imani kaye ndikuonetseni atcheyawo. Kumapazi jombo zofika m'akakolo, zolemera moti phazi lililonse limanyamuka mochita kupempha. Ndimadziwa komwe zinachokera, pa kaunjika wa ku Mupedzanhamo ku Mbare komwe tonse timavalira, koma iwo amazitchula ndi dzina la fakitale, m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Buluku matumba okhaokha, mpaka m'mawondo. M'manja ndodo ziwiri zachitsulo, munthu wosafika zaka 40, miyendo yonse ili bwinobwino. Kumsana chikwama chokhala ndi thumba la madzi m'kati, ndipo kapaipi kachokera m'menemo, kadutsa paphewa mpaka pakamwa, kotero kuti amayamwa uku akulankhula, ngati wodwala wothawa m'chipatala diripi ili pathupi. Koma mfumu ya zonsezi ndi wotchi. Imawerenga mapazi, imawerenga kugunda kwa mtima, imadziwa ngati agona bwino usiku. Atcheya sadziwa kuti atopa mpaka wotchi ilire. Tsiku lina idzawauza kuti ali ndi njala, iwo adzathokoza.

Kenaka mayeso anayamba. Kodi munakwerapo Nyangani, mamita 2,592? Nanga Chimanimani? Munagonapo m'tenti mvula ikugwa? Azakhali anayankha mwaulemu kuti bambo awo anabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ndi mamita 3,002. Atcheya anayamwa kapaipi, nati: "Phiri la makolo sitiwerengera, mayi. Ife timafuna woyenda weniweni."

Woyenda weniweni, ku Mabvuku! Kuno mipope inaiwala ntchito yake kalekale. Amayi a kuno ndi a ku Tafara amadzuka kusanache kupita ku mjigo, kubwerako ndowa ya malita 20 ili pamutu, mwana ali kumsana, n'kubwereranso. Mtengo wa kombi ukakwera, amuna amatsata Mutare Road wapansi, makilomita oposa 15 kukafika m'tauni. Nditanena zimenezi atcheya anandiyang'ana mwachisoni. "Achimwene, kumeneko n'kuvutika, si kuyenda." Ndiye lamulo lake ndi ili: kuyenda kumawerengedwa pokhapokha ngati ndalama ya kombi uli nayo koma wasankha kuisiya m'thumba, makamaka thumba la pabondo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti atcheyawa ndi mdzukulu wa mtchona ngati ine ndemwe. Agogo athu anachoka ku Nyasalandi wapansi, kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi pa bwato poti mlatho wa pa Tete unadzabwera mu 1973, kutulukira ku Mutoko mpaka kufika kuno ku Halale. Makilomita pafupifupi 600, bulangeti paphewa, kathumba ka ufa, usiku kusonkha moto kuopa zilombo. Ndiwo anadzadzaza Mabvuku, Mufakose ndi Dzivarasekwa. Akanadzuka lero kudzapempha malo m'kombi muja, mdzukulu wawo akanawabweza chifukwa cha masokosi.

Ngakhale kwa azungu komwe atcheya amatengera malamulo awo, nkhani siili choncho. Mu 1955 mayi wina wa ku America, Emma Gatewood, wa zaka 67 ndi ana 11, anayenda yekha njira yonse ya Appalachian Trail, makilomita oposa 3,000, atavala nsapato zansalu, katundu wake ali m'thumba losoka yekha. Ndinawauza atcheya. Anafunsa ngati mayiyo anali ndi wotchi.

Musaganize kuti kunyumba kuli bwino. Azakhali atangotchula za phiri, mzere wonse wa nyumba unakhala ndi maganizo. Mukatengako chiyani, nkhuni? Kapena mwalowa mpingo wa Apositoli, mukukapemphera? Amuna awo anawerengera kuti ndalama ya ulendowo ndi botolo la mafuta ophikira ndi chenji cha tomato. Mnzawo wa ku sosaite ya maliro anabwera dala kudzafunsa ngati m'banjamo muli mtendere, poti mkazi wamkulu sangathawire kuphiri popanda chifukwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anangoti pitani bwino. Munthu walera ana, wasenza madzi moyo wake wonse, wangopempha m'mawa umodzi woti ayende pamutu palibe ndowa, ndiye apa akumuuza kuti akuyenda mopanda phindu, apo akumuuza kuti sadziwa kuyenda.

Pa Kamunhu paja, titakangana mokwanira, komiti ya gululo inalola kuti apite moyeserera, pokhapokha aike pa foni pulogalamu yolemba njira, poti ulendo wosalembedwa sunachitike. Anakwera phiri la Ngomakurira. Ondiuza akuti anafika pamwamba atcheya akadali pakati pa thanthwe, akukonza utali wa ndodo, ndipo amene anawapitirira azakhali ndi amayi atatu okha a Apositoli, ovala zoyera, opanda nsapato n'komwe, wina mwana kumsana, akuimba. Azakhali anakhala pansi, anamasula mbatata yawo, anayang'ana midzi ya Chinamhora kumunsi mpaka kukhuta. Foni inazima pompo, poti kwathu magetsi anali atathima kuyambira Lachisanu.

Lolemba kunabwera uthenga pa WhatsApp. Komiti yaunika zolembedwa ndipo yapeza kuti mayi anakweradi phiri, koma palibe umboni woti anatsika. Choncho ulendowo ndi wosatha, ndipo dzina lawo silingalowe pa mndandanda wa opita ku Nyangani kufikira nkhaniyi itakonzedwa. M'munsi mwake munali chikumbutso chakuti ndalama ya umembala ya mwezi uno ikudikirika.

Azakhali anali pa mzere wa ku mjigo pamene ndimawawerengera. Anatula ndowa, anapukuta manja pa chitenje, nati: "Uwayankhe kuti zikomo kwambiri atcheya. Ndalamayo ndidzapereka ndikatsika."