Filimu yathu inafika ku Kawale ife eni ake tisanaitulutse

Filimu yathu inali ya mnyamata wa kabaza amene bwana wake anamulanda njinga yamoto chifukwa cholephera kupereka ndalama ya pa sabata, mkazi wake ali woyembekezera. Tinaijambula mu 2022 m'misewu ya fumbi ya kwathu kuno ku Chilinde. Kamera tinkabwereka kwa mkulu wina wojambula maukwati, choncho Loweruka sitinkagwira ntchito. Osewera ambiri anali a gulu la masewero la kutchalitchi, ndipo malipiro awo anali nsima ya masana ndi ndalama ya thiransipoti. Ndalama yaikulu anatitengera ndi azakhali anga ku banki mkhonde yawo, pa dzina lawo. Mnzanga amene tinakulira limodzi ndiye analemba nkhaniyo ndi kutsogolera kujambula. Ine ntchito yanga inali yoigulitsa ikatha.

Pomwe inkatha, m'thumba munali mutatsala zochepa kwambiri. Chilichonse chinali chitalowa pa kujambula. Chaka chimenecho magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku kuyambira pamene namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira mu Januwale, moti ngakhale kutchaja mabatire a kamera kunkafuna ndalama, kwa ometa tsitsi amene anali ndi sola.

Maso anga anali pa akuluakulu. Ndinkadziwa kuti Shemu Joyah, amene anapanga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, anatulutsa The Road to Sunrise mu 2017, ndipo imeneyi inakhala filimu yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscars. Ndinkadziwa kuti Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula inapata mphoto ya AMVCA ku Lagos mu 2016. Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ya kamtsikana kogulitsa nthochi mumsewu, inali ikadali m'kamwa mwa anthu. Anthu amenewa anatitsegulira maso kuti Mmalawi angathe, ndipo ndimawapatsa ulemu mpaka lero. Koma chimene ine ndinatolapo chinali zithunzi za tsiku lokhazikitsa filimu: masuti, madiresi aatali, holo yodzaza. Sindinafunse aliyense kuti ndalama ya filimu imabwerera kudzera njira iti.

Ku Chilinde kulibe nyumba ya sinema, monganso ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Chinsapo. Komatu anthu amaonera mafilimu tsiku ndi tsiku, mwina kuposa a m'mayadi. Pali vidiyo sho: kachipinda ka njerwa zosawaka bwino, khomo lotchinga ndi nsalu yakuda, mabenchi a matabwa, TV pamwamba pa shelefu, ndi sipika panja yolira mokweza kuti wodutsa amve zibakera zikugwa mkatimo. Pakhomo pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko mafilimu a tsikulo ndi mpira wa madzulo. Ndiye pali obena. Mnyamata amakhala m'kakontena kapena pakhonde la golosale ndi kompyuta yakale yodzaza nyimbo ndi mafilimu, iwe umangopereka memore khadi ndi kandalama kochepa, iye n'kukudzazira. Mafilimu a ku India, a ku China ndi a ku Nigeria amabwera atamasuliridwa kale m'Chichewa ndi ma DJ amene mawu awo mwana aliyense amawadziwa. Filimu yatsopano ikafika pa kompyuta imodzi m'mawa, dzuwa likamalowa imakhala ili m'mafoni a anthu m'makomboni angapo. Ine ndinabadwira pakati pa zimenezi, ndinaonera Rambo pa mabenchi omwewo, koma pokonza zogulitsa filimu yathu anthu amenewa ndinkawaona ngati akuba oyenera kuwathawa.

Ndinayamba ndi Facebook. Tinadula trailer ya mphindi ziwiri n'kuiika pa tsamba lathu. Ndemanga zinabwera zambiri, zolimbikitsa, koma nditaziyang'anitsitsa ndinapeza kuti ambiri olemba anali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, anyamata akwathu osowa kumudzi amene anakondwa kuona msika wa ku Chilinde pa foni. Amenewo sakanagula tikiti. Oyandikana nafe ankati aona chithunzi chokha, vidiyoyo sanaitsegule chifukwa imadya bandulo.

Mapositala a mitundu tinawalephera. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi, mtengo umene osindikiza anatiuza poyamba sunalinso womwewo. Tinangopanga fotokope zakuda ndi zoyera, n'kumamata ndi phala la ufa pa mipanda ndi pa mitengo ya magetsi, kuyambira ku Chilinde mpaka cha ku Masintha. Pasanathe sabata ena anali atakutidwa ndi mapepala a misonkhano ya chitsitsimutso ndi a asing'anga, otsalawo mvula yoyamba inawasukulutsa. Galimoto ya chimkuzamawu sitinaipeze, chifukwa miyezi imeneyo madalaivala ankagona pa mizere ya mafuta. Tinamangirira sipika ndi batire pa njinga yakapalasa, mng'ono wanga akupalasa, ine ndikuyenda pambali ndi maikolofoni.

Apa m'pamene ndinaganiza zopita kwa obena. Ndinati popeza anthu safuna kuwononga bandulo, trailer iwapeze pa memore khadi. Aliyense wodzabenetsa nyimbo aziikiridwa kaulere, pamodzi ndi tsiku ndi malo a chionetsero. Maganizo amenewa mpaka pano ndimawaona kuti anali abwino.

Fulashi tinali nayo imodzi yokha gulu lonse. Ndi yomweyo imene tinkanyamulira ntchito pakati pa laputopu yanga ndi kompyuta ya mnyamata amene ankatikonzera mawu. Ndinafika nayo pa kakontena kena madzulo, ndinapeza magetsi atazima, mwini wake atakhala panja akusewera bawo.

"Akulu, ingosiyani fulashiyo," anatero. "Akayaka usiku ndikopera, mudzaitenge mawa."

Ndinamuuza dzina la fayilo ya trailer, iye anagwedeza mutu maso ali pa bawo. Ndinaisiya. M'fulashimo munali foda ina, ndipo m'fodamo munali filimu yonse, kuyambira poyamba mpaka pothera, mawu ake asanakonzedwe. Ndinazikumbukira ndili pabedi usiku, koma ndinadzitonthoza kuti munthu wotanganidwa choncho sangatsegule chimene sanauzidwe.

Patapita masiku ochepa, bambo amene anasewera ngati mwini njinga uja anabwera kunyumba nkhope itagwa. Anati ali m'minibasi kondakitala anamuyang'ana kawiri n'kunena mokweza kuti, "Bwana, m'bwezereni mwana uja njinga yake." Minibasi yonse inaseka. Chithunzi cholanda njinga mu trailer munalibe.

Madzulo omwewo ndinayenda wapansi mpaka ku Kawale, ndikuwerenga mabolodi a mavidiyo sho. Dzina la filimu yathu ndinalipeza lolembedwa ndi choko, chilembo chimodzi atachiphonya, pansi pake atalemba kuti "Ya Chimalawi, yojambulidwa ku Chilinde". Ndinalipira K100 pakhomo ngati wina aliyense n'kukhala pa benchi yakumbuyo. Munali modzaza, ena atakhala pansi, fungo la thukuta ndi chimanga chootcha lili tho. Inali kope yosakonza ija. Mphepo inkawomba mu maikolofoni, pena mawu ankachedwa kutsatira milomo, ndipo m'munsi mwa chithunzi wina anali atalembamo nambala ya foni ya kontena yake, ikuyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Anthu sanasamale zimenezo. Pamene mkazi wa wakabaza uja ankawerenga ndalama zasiliva pa mphasa kuti aone ngati zikwana ulendo wa kuchipatala, m'chipindamo munangoti zii. Pamene bwana ankakankha njinga kutuluka nayo pa geti, mnyamata wina wovala chipewa cha njinga yamoto anaimirira n'kuyamba kumutukwana pa TV pomwepo, anzake akumukoka malaya kuti akhale pansi. Nkhani imene tinavutika nayo miyezi yonse ija inali itawafika pamtima anthu eni ake. Ndinatuluka misozi ili m'maso, ndipo sindingathe kulekanitsa kuti ya chimwemwe inali iti, ya mantha inali iti.

M'mawa mwake ndinapita ku kontena kuja ndili ndi ukali. Mnyamatayo sanakane. Anati anakopera fulashi yonse monga amachitira ndi ina iliyonse, ataona kuti muli filimu ya Chichewa anaganiza kuti ndiyo ndikufuna ifalikire. Anzake obena anadzatenga kwa iye, ena anatenga kwa anzakewo. Anaifufuta ine ndikuona, koma tonse awiri tinkadziwa kuti sizithandiza kanthu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito ngati yathu, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, lilipo chifukwa cha zoterezi. Koma ife filimuyo tinali tisanakailembetse, ndipo ndikanayamba kutsata kontena iliyonse kuyambira ku Mgona mpaka ku Area 25, ndalama yoyendera yokha ikanaposa imene ndinkalondola.

Chionetsero tinachitabe, m'holo ya sukulu ina, tikiti K2,000. Pulojekita inali yobwereka molipira, jenereta chimodzimodzi, petulo tinagula wa m'zigubu kwa mavenda pa mtengo wowawa. Amene analowa anali achibale a osewera ndi a kutchalitchi ochepa. Panja panali khamu la achinyamata ofuna kuona osewerawo ndi maso, koma ukawaonetsa tikiti ankayankha mwaulemu ndithu kuti anaionera kale. Zimene tinatolera sizinakwane kulipira holo ndi pulojekita.

Chovuta kuposa zonse chinali kukaonekera kwa azakhali. Banki mkhonde imayendera kukhulupirirana. Amayi amasonkha chaka chonse, kubwerekana ndi chiwongola dzanja, ndipo mu Disembala amagawana kuti agule feteleza ndi kukonzekera fizi ya Januwale. Mmodzi akalephera kubweza, gawo la aliyense limachepa, ndipo amayiwo amatha kubwera pakhomo kudzanyamula katundu. Azakhali amagulitsa kaunjika, ndipo dzina lawo m'gulumo linali loyera zaka zonse. Ndinawapeza akusankha zovala pakhonde, ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, osabisa za fulashi.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mwanawe, madzi akatayika saoleka. Ine chimene ndikufuna kumva n'chakuti pofika tsiku logawana tikhala titapeza zingati, kuti ndikawauze anzanga zoona."

Ndinagulitsa laputopu. Azakhali anagulitsa belo imene anasungira Khirisimasi pa mtengo wotaya. Zotsalazo amayi aja anavomera kuti tizibweza pang'onopang'ono, chifukwa cha ulemu wa azakhali. Mnzanga wotsogolera uja sanandikalipire ngakhale kamodzi, koma anasiya kudzera kwathu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu.

Amene ananditsegula m'mutu anali mwini vidiyo sho ya ku Kawale ija, bambo wachikulire amene wakhala pa ntchitoyi kuyambira nthawi ya matepi. Ndinabwererako kukamudandaulira, iye anandipatsa mpando.

"Achimwene, mukanabwera kwa ine poyamba," anatero. "Filimu ya kwathu konkuno anthu amaibwereza. Ndikanaionetsa sabata yathunthu tisanaipereke kwa obena, za pakhomo n'kumagawana. Anzanga a ku Biwi ndi ku Area 23 ndikanawaimbira ndekha. Inu munkafuna anthu a masuti, pamene anthu anu ali pa mabenchi anga."

Sindinganene kuti njira imeneyo ikanabweza ngongole yonse. Ndalama ya pakhomo la vidiyo sho ndi yaing'ono, ndipo filimu ikafika pa TV ya munthu wina palibe angalumbire kuti siituluka. Koma bamboyo ananena chinthu chimene mbiri ya mafilimu mu Africa imachitira umboni. Ku Nigeria, Living in Bondage ya mu 1992, imene ambiri amati ndiyo inayambitsa Nollywood, anaikapo ndalama ndi Kenneth Nnebue, munthu wamalonda wogulitsa matepi, ndipo mafilimu a kumeneko anakula kudzera mwa amalonda a m'misika ya Idumota ndi Alaba ku Lagos ndi ya ku Onitsha. Ogulitsawo ankakhala mbali ya filimu kuyambira pachiyambi, ndiye anali ndi chifukwa choitetezera. Kuno obena ndi eni mavidiyo sho timawatchula pokhapokha tikamadandaula za umbava, chonsecho ndi okhawo amene ali ndi njira yofikira munthu wa K100. Wina amene angakhale nawo pansi, kugwirizana za magawo ndi tsiku limodzi lotulutsira filimu m'makomboni onse, angapeze zimene ife tinataya.

Kope yokonzedwa bwino tinaipereka kwa bamboyo, ndipo anaionetsadi, akulengeza pa bolodi kuti iyi ndi ya mawu omveka ndiponso osewera abwera. Bambo wosewera bwana uja anavomera kumakaima pakhomo, anthu akumuzuzula mwanthabwala ndi kujambulitsa naye. Loweruka lililonse ndinkakatenga gawo lathu, ndalama za mapepala ofota zomangidwa ndi labala, n'kupita nazo molunjika kwa azakhali. Zinathandiza, ngakhale zambiri zinachokera ku maganyu anga ojambula zithunzi pa zinkhoswe. Ngongole inatha chaka chotsatira, Kwacha isanagwenso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Mwini vidiyo sho amandifunsabe za gawo lachiwiri, chifukwa anthu ake akufuna kudziwa ngati wakabaza uja anaipezanso njinga. Nkhaniyo inalembedwa kale, ili m'kope la mnzanga. Iye anakwera basi ya ku Johannesburg ngongole itangotha, ndipo pano akugwira ntchito m'shopu ya zida za magalimoto. Tinayambanso kulankhulana pa WhatsApp, koma za filimu ndikazitchula amayankha kuti tidzaona akadzabwera.