Fodya wa pachala ndi lole ya alamu

Makolo athu sadaione lole, koma mlandu wake adauweruza kalekale pomwe ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ankanena za agogo amene atsina fodya m'kabotolo n'kuyamba kukamba za eni ake asanamununkhize, chiperoni n'kudzaseseratu chalacho. Mwambi umenewu ukadayenera kulembedwa kumbuyo kwa lole iliyonse ya ku Chiradzulu, pamalo paja eni ake amakonda kulembapo mawu otonza adani.

Funso lake ndi ili: wopata ndani pakati pa dalaivala woyendetsa galimoto ya bwana ndi munthu woyendetsa lole yakeyake? Mukalifunsa pa Mbulumbuzi tsiku la msika, madengu a tomato ndi matumba a kabichi akudikira ulendo wa ku Limbe, akusekani. Mwini lole ndiye bwana, basi. Anthu amamuona akulandira mpukutu wa ndalama, akunyowetsa chala ndi malovu, akuwerenga nkhope za a John Chilembwe pa ma K500 ndi ma K2,000. Chomwe saona n'chakuti a Chilembwewo, ngakhale kwawo n'konkuno ku Mbombwe, m'thumba la mwini lole sagonamo. Amangodutsa kupereka moni.

Ndili ndi alamu anga amene adatopa n'kunena kuti "inde bwana". Adagulitsa ng'ombe zamkaka, mlongo wanga adatapa ku banki m'khonde, zotsala adakongola kwina komwe satchula, n'kugula Canter yotsika ku Japan itatha kale ubwana wake. Tsiku lomwe idafika pamudzi amayi adalulutira ngati kwabwera mkwatibwi. Madzulo ake alamu adatenga cholembera n'kuwerengera: ulendo umodzi ndalama zakuti, maulendo awiri patsiku, masiku 30 pamwezi. Yankho lake lidawachititsa kuyamba kufunsa mtengo wa malata a nyumba yomwe maziko ake anali asadakumbidwe.

Mphepo yoyamba kuwomba pachala ndi dizilo. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, itagwanso kale ndi 25 mu May 2022, ndipo a bungwe loona za mafuta la MERA adakweza dizilo kufika pa K2,734 lita imodzi. Malita 20 okha pa mtengo umenewo ndi K54,680, galimoto isadasunthe n'komwe, ndipo mtengowo sudaime pomwepo. Komanso kukhala ndi ndalama ya dizilo si kukhala ndi dizilo. Amene adagonapo pamzere m'nyengo zosowa mafuta za 2022 ndi 2024 akudziwa kuti lole ikhoza kuchezera pa filing'i sitesheni masiku angapo, mwini wake akudya chipisi cha pachiwaya ndi ndalama yomwe sadaigwire, tomato wa kasitomala akusanduka msuzi kumudzi. Akatopa amapita kwa anyamata a zigubu, amene mtengo wawo sudutsa ku MERA.

Kenako msewu. Tala wa Blantyre kupita ku Zomba wodutsa pa Njuli ndi pa Namadzi ngwabwino, wa Midima wodutsa pokhotera ku Nguludi nawonso sudandaulitsa kwambiri. Koma katundu samera patala. Nandolo ali kumidzi ya kwa Nkalo ndi kwa Kadewere, njerwa zili kuseri kwa dambo, mchenga uli kumtsinje. Kumeneko lole imayenda ngati ikupepesa maliro, ndipo chiyambire namondwe wa Freddy mu March 2023, uja adakokolola mudzi wa Ntauchira, njira zina zidasanduka mayeso a masipuling'i. Sipuling'i ikaduka, makaniko amayamba wapukusa mutu kwa nthawi yaitali asanatchule mtengo, ndipo kutalika kwa kupukusako ndiko kukula kwa bilu. Sipeya palibe yopangidwa ku Thumbwe. Teyala, batire, kilatchi, zonse zimabwera ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikangogwa ku Lilongwe, lole ya ku Namitambo imayamba kutsimphina tsiku lomwelo.

Za mapepala sindichulutsa: COF ku Road Traffic, inshuwalansi, ndipo wopita ku Lilongwe alipire pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke, popita ndi pobwera. Palinso ena oima m'mbali mwa msewu amene ludzu lawo silitha ngakhale mu June.

Cholemera kuposa zonse ndi ulendo wobwerera. Alamu ankawerengera ndalama ya popita, n'kuiwala kuti pobwera lole imamwa dizilo ngakhale itanyamula mpweya wokhawokha. Aganyu okweza ndi otsitsa katundu safuna kumva za mawa. Amene amakonda mawa ndi kasitomala. "Achimwene, tangotsitsani kwaleyu, ndalama ndikutumizirani pafoni madzulo ano." Madzulo akewo mpaka lero sadafike, ndipo foni ya mkuluyo idagwera m'madzi sabata yomweyo.

Koma chiperoni cheni-cheni chimachokera m'nyumba. Kuno n'kuchikamwini, ndipo mkamwini akagula lole wagulira mbumba yonse. Apongozi ali ndi njerwa zofuna kusamutsa. Malume a akazi ali ndi chimanga kumunda wakutali. Kwaya ya kumpingo ili ndi ulendo, ndipo abusa alengeza kale pamaso pa anthu kuti "m'bale wathu wadzipereka", m'baleyo akumvera limodzi ndi ena onse. Kukagwa zovuta ndiye palibe zokambirana. Mungaime pasiwa n'kutchula mtengo wa dizilo? Mudzi wonse ungakuuzeni kuti tsiku lanu mudzadzinyamula nokha. Lole imapita kuchipatala cha pa boma kukatenga thupi, imabwerera kukatenga abale a ku Bangwe, imapitanso kukatenga nkhuni, ndipo pamapeto pake afumu amathokoza "onse amene athandiza m'njira zosiyanasiyana". Alamu adalowa m'gulu la njira zosiyanasiyanazo.

Tsopano onani mnzawo wolembedwa ntchito. Malipiro ake ndi ochepa, sindikana, ndipo nthawi zina amabwera mwezi utapita kale. Madalaivala a mathiraki sadanyanyale ntchito mu 2021, mafuta mpaka kusowa m'matauni, chifukwa chokhuta. Dalaivala amagona m'galimoto pa chipata cha Mwanza kudikira mapepala, ana akukula osamudziwa bwino. Komabe kochepa kakeko kali pamphuno. Injini ikagogoda, iye amaimba foni n'kunena kuti "bwana, galimoto yanu yafa", kenako n'kukagona pamthunzi. Mawu akuti "yanu" amenewo ndi okoma kuposa alawansi. Apongozi akapempha za njerwa, yankho lilipo laulemu: "Ndikanakonda amayi, koma eni ake ndi ovuta." Ndipo tisanamizane, alipo ena mwa iwo amene amakweza matola m'njira, kapenanso kuyamwitsa chigubu usiku, fodya wa bwana n'kumathera pamphuno ya wantchito. Mwini lole woyendetsa yekha mwayi umenewo alibe. Akaba dizilo wadzibera yekha.

Cholakwika pa mkangano wonsewu n'chakuti anthu amayerekeza zinthu zosiyana. Amatenga ndalama yomwe mwini lole walandira n'kuiika pambali pa ndalama yomwe dalaivala wapita nayo kunyumba. Mwini loleyo naye amadzinamiza chimodzimodzi, chifukwa mpukutu wa m'thumba umatentha ndipo umanong'oneza kuti nyama yankhumba ya pamsika yapsa. Ndalama ya matayala a chaka chamawa imadyedwa chaka chino. Alimi a nandolo angachitire umboni za kuwerengera chinthu chisanafike: mu 2016 mtengo unali wokoma, anthu adalima mpaka m'makhonde, koma mu 2017 dziko la India litachepetsa nandolo wolowa kwawo, mtengo udagwa chagada. Mlimi akalira, wa lole amaliranso, popeza palibe amene amalipira bwino ulendo wa katundu wopanda msika.

Sindikunena kuti kukhala ndi lole n'tsoka. Alipo amene adamanga nazo nyumba n'kuphunzitsa ana mpaka ku yunivesite ya Katolika ya ku Nguludi. Mukawayang'anitsitsa, onsewo ali ndi khalidwe limodzi losasangalatsa: amayenda ndi kope. Amalemba lita iliyonse, amapatula ya sevisi ndi ya matayala asanagule ndiwo, amadzilipira okha pamwezi ngati antchito, sanyamuka asanapeze katundu wobwerera naye, ndipo adaphunzira kunena kuti "theka tsopano, theka potsitsa" osaphethira. Pamudzi amatchedwa oumira. Malole awo akuyendabe.

Ya alamu ili pamiyala kuseri kwa nyumba kudikira giyabokosi, ndipo nkhuku zaikiramo kale kawiri. Iwo abwerera kwa bwana wina ku Limbe, akuti mongoyembekezera, ndipo anenepa.

Inu amene mukusunga ndalama kuti mugule yanu, gulani, koma muyambe mwagula kope la masamu. Ndipo inu apongozi a m'boma lino, kuyambira kwa Mpama mpaka kwa Likoswe, njerwa zikafika pakhomo, ya dizilo yokha perekani.