Tsokonombwe Sanadumphe Kamodzi

Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ankanena za kachilombo kotuwa kaja, kamene dzombe likamadutsa m'mwamba iko kamangoti jowu, n'kupuma, jowu, n'kupumanso, koma dzuwa likamalowa nako kafika kumene kamapita. Mwambiwu masiku ano walowa m'tchalitchi ndipo taulandira ndi nthungululu, kungoti taudula miyendo. Tsokonombwe wa lero safuna zodumpha kambirimbiri. Akufuna anyamuke ku Ndirande Lamlungu m'mawa, akatere ku Namiwawa Lolemba, makiyi a galimoto ali m'manja. Mneneri wamuuza kuti chaka chino n'chake. Chaka chatha chinalinso chake, ndi chinzake chija chimodzimodzi, ndipo palibe amene wamufunsa kumene akuzisunga zaka zonsezi.

Musandimve molakwa. Kudumpha n'kofunika, ndipo pali Akhristu amene mtunda sadzautha chifukwa anakhala pansi kalekale. Nkhani ya Petro pa nyanja ya Galileya, imene ili pa Mateyu 14, timakonda kuilalikira momuseka: anaona mphepo, anachita mantha, anayamba kumira. Timaiwala kuti m'ngalawa muja munatsala anthu khumi ndi mmodzi, zovala zili gwa, akuonerera. Ndikuganiza kuti ndiwo anayambitsa mpingo umene ulipo mpaka lero, wa anthu odziwa bwino mmene mnzawo akanayendera pamadzi. Mayi wina akati ayambe kugulitsa kaunjika, iwowa amamuwerengera onse amene anagwa nayo bizinesi imeneyi. Akagwa, amati tinanena. Akapambana, amati pali chimene wachita, ndalama sizibwera choncho.

Koma tiyeni timuyang'ane bwino Petroyu, chifukwa amene amamutchula pofuna kudumpha sanamuwerenge mpaka kumapeto. Choyamba, anapempha chilolezo. Sanangomva kutentha mumtima n'kutaya mwendo kunja. Anafunsa kaye kuti aitanidwe, ndipo anaitanidwa. Chachiwiri, ndipo ichi alaliki sachikonda, munthuyu anali msodzi. Pa Yohane 21 tikumuona akudziponya m'nyanja yomweyo kuthamangira kumtunda, anzake akubwera ndi ngalawa. Madzi sanali achilendo kwa iye. Ndipo atayenda pamadzi tsiku lija, sanagulitse ngalawa. Sanatsegule utumiki wa oyenda pamadzi. Anakweranso m'ngalawa momwemo, ndipo sitimvanso kuti anayesa kachiwiri. Msodzi wa ku Msaka kapena ku Senga Bay, amene amadziwa mmene mwera umakalipira, angakuuzeni kuti Petro anali munthu wanzeru.

Yerekezani ndi mbale wathu amene wabwera kuchokera ku mapemphero a usiku wonse maso ali psuu, n'kuuza mkazi wake kuti ntchito waisiya mwa chikhulupiriro.

"Nanga mupanga chiyani, bambo?"

"Ambuye aona."

"Nanga lendi?"

"Mayi, inu vuto lanu mumalankhula zakuthupi."

Pa 30 alandilodi amabwera m'thupi, atavala thupi lonse, n'kugogoda ndi dzanja la thupi. Mayi aja, amene chikhulupiriro chawo amati n'chochepa, ndi amene amadzuka tambala woyamba kukazinga mandasi kuti banja lisagone panja. Mwezi wachitatu bambo amaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni kuti Mulungu wawasunga modabwitsa. N'zoona, wawasunga. Kungoti chozizwacho chakhala mbali ya azimayi, chili ndi zipsera za mafuta m'manja, ndipo sichinatchulidwe dzina.

M'Baibulo lonse muli nkhani imodzi ya munthu amene analangizidwa kuti athetse zonse ndi kudumpha kumodzi kwakukulu, anthu akuona. Pa Mateyu 4 Yesu anaimikidwa pamwamba pa Kachisi n'kuuzidwa kuti adziponye pansi, angelo amuwakha. Wopereka malangizowo anatchulanso vesi, ndipo analitchula bwino. Anali Satana. Yesu anakana. Ndiye mukamva wina akukuuzani kuti dumphani, musaganize, kuganiza n'kukayika, muzikumbuka amene anayamba ulaliki umenewu.

Zozizwitsa zambiri za m'Malembo zimayamba ndi ntchito yotopetsa, nthawi zina yochititsa manyazi. Pa ukwati wa ku Kana vinyo asanaoneke, antchito anatunga madzi odzaza mitsuko yamiyala isanu ndi umodzi, ndipo aliyense amene anatungako madzi a pa ukwati akudziwa kuti msana umamva. Namani, kazembe wa nkhondo wa ku Siriya, anafika kwa Elisa ndi akavalo ndi magaleta, akuyembekeza kuti mneneri atuluka, aimirira, aitana dzina la Mulungu n'kuweyula dzanja pa khate lake. Mwachidule, ankafuna msonkhano wa machiritso. Elisa sanatuluke n'komwe. Anangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe mu Yordano kasanu ndi kawiri. Bwanayo anapsa mtima, mpaka antchito ake ndi amene anamunyengerera. Taganizani atavuuka kachitatu, khungu lili chomwecho, asilikali ake akuyang'ana kumbali kuti asaseke. Ambiri a ife tikanatulukira pomwepo n'kukafuna mneneri wina wamphamvu.

Nkhani imene ndimaikonda kwambiri ili pa 2 Mafumu 4. Mayi wamasiye ali pa ngongole, wokongoza akubwera kudzatenga ana ake awiri. Elisa akumufunsa chimene ali nacho m'nyumba. Kamafuta pang'ono basi. Akumutuma kukabwereka mitsuko kwa anansi, yambiri ndithu. Amene anabwerekako poto pamudzi akudziwa mafunso amene mayiyu anakumana nawo: mukuphika chiyani, kuli ukwati, mubweza liti? Mafuta anathiridwa mpaka mitsuko itatha, pamenepo n'kuleka. Kenako mneneri anamuuza kuti akagulitse mafutawo, abweze ngongole, zotsala adye ndi ana. Chozizwa chinathera pamsika ndi pakhomo pa wokongoza.

Onaninso chimene Elisa sanachite. Sanamuuze mayiyu kuti kamafutako akasiye paguwa ngati mbewu. Namani atachira n'kubwera ndi mphatso, Elisa anazikana. Wantchito wake Gehazi ndi amene anathamangira galeta kukatenga siliva ndi zovala, n'kubwerako ndi khate. Masiku ano Gehazi sathamanganso. Nambala yake ya Mpamba ndi ya Airtel Money imayenda yokha m'munsi mwa kanema. Inde, ndikudziwa kuti wina anditsegulira 1 Mafumu 17, pamene Eliya anapempha mayi wa ku Zarefati kuti ayambe wamuphikira iye kamkate. Zoona. Koma Eliya anakhala pakhomo pomwepo nthawi ya chilala, akudya za mumbiya yomweyo. Ufa ukanatha, naye akanagona ndi njala. Munthu wa Mulungu amene akufuna mbewu yanu mumuuze kuti chipinda chilipo, abwere mudzadikire limodzi zokolola.

Chodabwitsa n'chakuti pa kudumpha kwa mtundu umenewu, wodumpha ndi wina, wofika ndi wina. Mayi atenga ndalama ku banki mkhonde kukafesa, bambo alowa katapila kuti akagule mafuta odzozedwa, mnyamata wa fomu 4 adzozetsa cholembera m'malo motsegula buku. Cholembera chodzozedwa chimalemba zimene zili m'mutu mwa mwini wake, ndipo ochonga mayeso a MANEB sanunkhiza mapepala. Onsewa adumpha, koma amene watera m'nyumba ya mpanda ndi uja amawerenga "wani, thuu, fili."

Alipo anthu amene anakhulupirira Mulungu mpaka anzawo kuwayesa amisala, ndipo ndimawavulira chipewa. George Müller anatsegula nyumba ya ana amasiye ku Bristol, ku England, mu 1836, atatsimikiza kuti sadzapempha munthu ndalama ndipo sadzakongola. Ankangopemphera. Pomwalira mu 1898 anali atalera ana oposa 10,000. Kudumpha kumeneko si kwamasewera. Koma munthu yemweyu ankalemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, n'kumasindikiza malipoti kuti aliyense aone. Chikhulupiriro chake chinali ndi buku la akaunti. Imanenedwa nkhani yoti m'mawa wina ana anakhala patebulo popanda chakudya, iye n'kuyamika, ndipo posakhalitsa wophika buledi anagogoda. Timaomba m'manja chifukwa cha Müller, koma wophika uja anadzuka pakati pa usiku kukanda ufa. Ambiri timapemphera kuti tikhale Müller. Mzere wa ofuna kukhala wophika buledi ndi waufupi, mungafike lero n'kuthandizidwa lero lomwe.

Ngakhale Uthenga umene tikuimbirawu unafika kunyanja kwathu modumphadumpha. Mu 1875 amishoni a Livingstonia, Robert Laws ali m'gulumo, anakwera mtsinje wa Shire ndi sitima ya Ilala. Atafika pa mathithi sanaime m'mbali kulamula madzi kuti aphwe. Anaimasula sitimayo zidutswazidutswa, anthu a m'deralo n'kuisenza pamutu kulambalala mathithiwo, kenako n'kuilumikizanso kumtunda. Mu Okutobala chaka chomwecho inalowa m'nyanja. Anapemphera, sindikukayika, koma pemphero lawo linali ndi sipanala, ndipo linayenda pa makosi a makolo athu.

Ndiye mlongo amene mwakhala zaka mukuti Mulungu akatsegula khomo mudzayamba sukulu ya unamwino, fomu yofunsira malo si tchimo, kaitengeni. Achimwene amene mukusala kudya pa phiri la Soche kuti mupeze ntchito, salani ndithu, koma potsika mudutse pojambulitsa masatifiketi. Mukagwa mudzuke, mudumphenso, ngakhale a m'ngalawa akuseka. Mukafika, pochitira umboni mutchuleko amene anakubwerekani mitsuko.

Ndipo inu amene munatenga ndalama ya banki mkhonde kukafesa mbewu, gulu likukumana Lachisanu masana. Amayi apampando akuti mubwere nayo, ndi chiwongoladzanja chomwe.