Mabuleki adikire, yambani mwagula DSP

Nandolo wagulitsidwa, ndalama ili m'thumba, ndipo makaniko wa pa Migowi wakuuzani kuti lole yanu ikufunika matayala awiri ndi mabuleki. Musamumvere, achimwene, munthu ameneyo sadziwa nyimbo. Chimene lole yanu ikusowa ndi DSP, kabokosi kokhala pakati pa wailesi ndi ampulifaya, kamene kamasandutsa mawu kukhala manambala, n'kuwakonza, kenako n'kuwagawira masipika. Tayala lakutha amaliona ndi apolisi a pamsewu okha, koma besi imamveka mudzi wonse.

Yambani ndi magetsi. Malole ambiri akuluakulu ali ndi mabatire awiri opereka mavoti 24, pomwe zoimbira za m'galimoto zimafuna 12. Amantha amagula kachipangizo kotsitsa mphamvu. Inu ingokokani waya pa batire limodzi. Batirelo lidzafooka msanga kusiya linzake, ndipo tsiku la msika lole idzakana kulira pa Chiringa, koma nanga anthu a matola mumawanyamuliranji ngati sangakankhe? Fyuzi, imene imaikidwa pafupi ndi batire kuti waya asayake, ikapsa musataye ndalama. Mangani kawaya, moto ukabuka mchenga ndi waulere.

Mukafika ku Limbe, sankhani sipika imene katoni yake yalembedwa mawati ambiri. Mukaona 3,000 W PMPO, lipirani osanenerera. Nambala yoona ndi ya RMS, yonena mphamvu imene sipika ingapirire kwa nthawi yaitali, ndipo imakhala yaing'ono mochititsa manyazi. Musaifunse. Katoniyo muisunge, muzionetsa alamu anu.

Tsopano ntchito ya DSP yeniyeni. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, kutanthauza masentimita 34 pa milisekondi imodzi. Kuno dalaivala amakhala kumanja, choncho sipika ya chitseko chakumanja ili pafupi ndi khutu lake kuposa yakumanzere. Tinene kuti ina ili pa masentimita 70, ina pa 140. Mawu akumanja amayamba kufika, ndipo woimba amamveka ngati wabisala m'chitseko. DSP imachedwetsa sipika yapafupiyo ndi mamilisekondi awiri kuti mawu onse afikire limodzi, woimbayo n'kumveka ngati waima patsogolo panu, pakati pa galasi. Izi ndi zoona, zimathekadi. Ndipo n'zolimbikitsa kuona munthu amene analonjeza kufika pa Chitakale 7 koloko m'mawa n'kufika dzuwa litapendeka, akusowa tulo chifukwa cha mamilisekondi awiri.

Dziwaninso kuti kuyeza kumeneku kumakomera mpando umodzi wokha, wa amene wagwira chiwongolero. Mnyamata wokuthandizani, amene wakhala kumanzere, adzamva woimba atakanirira m'chitseko chake kuposa kale. Amayi amene akhala pamwamba pa matumba a mpendadzuwa kumbuyo adzangomva "du, du, du" m'nthiti. Asadandaule. Analipira ulendo, sanalipire nyimbo.

Kabokosika kamagawanso mawu. Okhuthala, a pansi pa 80 Hz, amapita ku sipika yaikulu ya besi. Opyapyala, kuyambira cha m'ma 3,000 Hz kupita m'mwamba, amapita ku timasipika tating'ono. Otsala pakati, mmene muli mawu a munthu, amapita m'zitseko. Apa mpofunika kusamala, chifukwa nyimbo za kwathu kuno, za a Joe Gwaladi kapena Gibo Pearson, anthu amazikondera mawu ake. Munthu amafuna amve chimene chanenedwa kuti aseke, mwinanso adzimvere yekha. Ngoziyo ipeweni. Kwezani besi mpaka mawu onse amire. Mukatero palibe nyimbo imene idzakunenani, ngakhale ikhale ya mwamuna amene anathera ndalama za nandolo pa zoimbira.

Akatswiri amatchuna DSP ndi laputopu ndi maikolofoni, injini itazimitsidwa, mawindo atatsekedwa, akuliza phokoso lapadera longa mvula pa malata, kuti aone mawu amene akupitirira ndi amene akuperewera. Chitani zomwezo usiku kuli zii. Kukacha lizani injini ya dizilo, tsegulani mawindo chifukwa cha kutentha, lowani msewu wafumbi wopita kunyanja ya Chilwa, chitseko chikugwedera, jeke ikugubuduka pansi pa mpando. Zimene munatchuna zija zilipobe, kungoti muzizimva ndi chikhulupiriro. Nyimbo zakenso zikhale za m'memori khadi ya mnyamata wa pa msika, zimene zadutsa m'mafoni khumi. DSP singabwezeretse mawu amene anatayika kale, koma kuwonongeka kwake idzakumveketsani bwino lomwe.

Azaumoyo amati phokoso la madesibelo 85 khutu limalipirira maola 8 pa tsiku, ndipo likakwera ndi madesibelo atatu nthawiyo imatsika ndi theka. Pa 100 mwatsala ndi mphindi 15 zokha. Umenewu ndi uthenga wabwino. Pakatha chaka simudzamvanso kulira kwa mabuleki aja, kugogoda kwa injini, hutala ya wakabaza, kapena mayi a kunyumba akufunsa za fizi.

DSP zambiri zimasunga makonzedwe angapo oti muzisintha ndi batani. Sungani atatu. Loyamba la pamsewu, loti agalu a m'tsinde mwa Michesi adziwe kuti mwadutsa. Lachiwiri la kwaya, la tsiku limene amayi a Mvano achita hayala loleyo. Lachitatu ndi la pamene mwaona masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro chakuti pamudzipo pali maliro. Limeneli likhale lozimitsiratu zonse, ndipo batani lake muliphunzire usiku ndi usana, chifukwa mukaphonya n'kudina loyamba, mlandu wake kwa amfumu ndi mbuzi, ndipo mbuzi PMPO siidziwa.