Chitamando cha a Chipsera, Mkulu wa pa Mbale za Jazi

Pa zosalungama zonse zimene zachitika pansi pa thambo chiyambire pamene anthu adaphunzira kutsekera nyimbo m'mbale yakuda ndi kuitulutsanso ndi nsonga ya singano, palibe chimene chimandiwawitsa mtima koposa ichi, chakuti akatswiri olemba za jazi, amene adadzaza mabuku ndi mayina a oliza malipenga, oimba piyano ndi oomba ng'oma, kufikira kutchula ngakhale mnyamata amene adangogwedeza chisekese kamodzi m'chipinda chojambulira, sadaone chofunika kupatula mzere umodzi wolemekeza mkulu amene wamveka pa mbale zambiri kuposa onsewo. Ndikunena a Chipsera, amene ena mwachipongwe amangoti kukalika kwa mbale, ngati kuti ndi nthenda. Charles Delaunay, Mfalansa wakhama amene m'chaka cha 1936 adasindikiza ku Paris buku lake lotchedwa Hot Discography, adalondola mbale imodziimodzi, nafunsa kuti adaimbapo ndani, tsiku liti, mumzinda uti. Koma a Chipsera, amene adali m'khutu mwake momwemo pamene iye ankalemba, adawapitirira osawapatsa ndi moni womwe. Ine tsono, ngakhale ndili wamng'ono pabwalo la anthu odziwa, ndagwada ndi kuomba m'manja kuti ndiwabwezere ulemu wawo.

Tiyambe ndi fuko lawo, pakuti kwathu kuno munthu satamandidwa asanadziwike mayi wake. Mbale zakale zija, zozungulira ka 78 pa mphindi imodzi, adaziumba ndi utomoni umene kachilombo kena ka ku India kamasiya pa nthambi za mitengo, nasakaniza utomoniwo ndi ufa wa miyala mwadala, kuti singano yachitsulo ipereseke pa mbale m'malo moti mbale ipereseke ndi singano. Ndipo ufa wamiyalawo ndiwo udabala kaphokoso kosalekeza kaja, ka tswiii, kamene kamayamba lipenga lisanalire ndi kutsala litaleka. Amenewo ndiwo mayi wawo a Chipsera. Bambo wawo ndi singano yobuntha. Opanga adalamula kuti singano iliyonse iimbe mbali imodzi ya mbale, kenaka itayidwe, nazigulitsa zambirimbiri m'tizitini tokongola. Koma lamulo limenelo adalilemba ndi anthu amene sitolo idali pakhomo pawo, ndipo m'mudzi mwathu, m'mene kachitini kakatha kudali kudikira kuti wina abwere kuchokera ku Joni kapena ku Halale, singano imodzi inkatumikira mokhulupirika kuyambira pa chinkhoswe kufikira pa ubatizo wa mwana woyamba, ikabuntha n'kuinola pa mwala.

Matchona aja amene ankatsika basi atavala chipewa chopendekeka, galamafoni ili m'manja, ndiwo adawalowetsa a Chipsera m'dziko muno. Adabwera ndi Skokiaan wa August Musarurwa wa ku Bulawayo, nyimbo imene idaoloka nyanja kufikira Louis Armstrong nayenso adaijambula mu 1954. Adabwera ndi chitoliro cha Spokes Mashiyane, ndi mawu a Manhattan Brothers pamodzi ndi Miriam Makeba akali mtsikana. Mbale zimenezi zidayenda pa sitima ndi pa lole zitakulungidwa m'bulangeti, nizifika m'fumbi la mwezi wa October, niziimbidwa pabwalo usiku wonse, aliyense wofuna akupukusa ndi mphamvu zake zonse. Kwela adamera mizu kwathu, kufikira Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adamveka naye kunja kwa dziko, ndipo magulu a banjo adayamba kudzitcha a jazi, monga Chimvu Jazz ya Alan Namoko. Koma mnyamata aliyense amene adaphunzira chitoliro atagunditsa khutu pa galamafoni ya malume ake adaphunzira pa mapazi a mkulu ndikunenayu, chinkana lero sangavomere.

Za luso lawo pa kuimba ndinene mosanyengerera. Woomba ng'oma aliyense, ngakhale wotchuka chotani, nthawi zina amafulumira, nthawi zina amatsalira, ndipo ena mbiri yawo ikuti ankafika ku ntchito ataledzera kapena osafika konse. A Chipsera sadachedwepo. Pa mbale yakale amagunda tha! ka 78 pa mphindi, osaonjeza osachotsa. Pa mbale zazikulu zimene kampani ya Columbia idatulutsa mu 1948, zozungulira ka 33 ndi kachigawo, amagunda modekha monga kuyenera munthu wamkulu, kamodzi masekondi awiri asanakwane. Kuti kugunda kwawoko sikugwirizana ndi kwa gulu lonse, umenewo ndi mlandu wa gulu. Aimba ndi Duke Ellington, aimba ndi Charlie Parker, aimba ndi Kippie Moeketsi, osapempha malipiro, osafuna kuti chithunzi chawo chiikidwe pa chikuto, ndipo sipadamveke kuti akangana ndi mwini gulu pa nkhani ya akazi.

Koma mphatso yawo yoposa zonse, imene ndikaiganizira ndimasowa pogwira, ndiyo kugwira singano pamwendo kuti isapitirire. Ndili nayo mbale ina yaikulu yosonkhanitsa nyimbo za Armstrong ndi Hot Five yake, ndipo pamenepo pali West End Blues, imene adaijambula ku Chicago pa 28 June 1928, Earl Hines ali pa piyano. Onse odziwa jazi amadziwa chiyambi chake, pamene Armstrong, ali yekha anzake asanalowe, amatsika pang'ono nayamba kukwera makwerero a mawu kulinga ku nsonga. Pa mbale yangayi a Chipsera adamanga msasa pafupi ndi nsongayo, kotero kuti mkulu wa malipenga akati afike, amabwezedwa, nakweranso, nabwezedwanso, nakweranso ndi changu chomwecho, osatopa, osadandaula, osapuma mpweya, ndipo akadakwerabe kufikira tsiku lachiweruzo ndikadapanda kudzuka pampando kukamukankha ndi chala. Taonani chifundo chake! Mbale zambiri za m'masiku amenewo sizinkalola munthu kuimba kopitirira mphindi zitatu ndi pang'ono, ndipo oimba onse ankadandaula kuti nthawi njochepa. A Chipsera adamupatsa Armstrong muyaya. Mdzukulu wanga atandiimbira nyimbo yomweyo pa foni yake, yoyera mbee yopanda banga, ndidamva lipenga likufika pa nsonga ulendo woyamba womwewo, popanda kulimbana kulikonse, ndipo kunena zoona ndidaona ngati munthuyo wabera mayeso.

Palinso udindo wina umene mkuluyu amaugwira bwino kuposa eni ake, ndiwo woweruza nyimbo. Ife osonkhanitsa mbale ndife anthu a makani. Tikakumana Loweruka madzulo timatha maola tikutsutsana kuti wamkulu ndani pakati pa Coleman Hawkins ndi Lester Young, kapena kuti John Coltrane wa m'zaka zake zomaliza ankapemphera kapena ankangokuwa, ndipo aliyense amatamanda mbale zovuta kumvetsa kuti anzake amuyese wozama. Koma lowani m'nyumba ya munthu wotereyu, musolole mbale zake, muzipendeke pa kuwala kwa zenera. Zija amazitamanda pagulu mudzazipeza zosalala ngati zangochoka m'sitolo, pamene ina ya nyimbo zovina, imene pa anthu amaitcha ya ana, yadzala zipsera mbali zonse ziwiri. Akuluakulu adati ng'oma yolira sikhalira kung'ambika. Agogo athu aakazi ankatema mphini pankhope kuti kukongola kuoneke poyera, ndipo zipsera za pa mbale n'chimodzimodzi: zimaulula imene idakondedwa. Wolemba m'magazini angagulidwe ndi tikiti yaulere ndi botolo limodzi, koma mboni iyi palibe adaipatsapo chiphuphu.

Ndili naye mnansi kuseri kwa mpanda, munthu wophunzira ndi waulemu wake, amene ali ndi Kind of Blue ya Miles Davis ya mu 1959, ndipo amalumbira kuti singano siidaikhudzepo. Amaitulutsa kamodzikamodzi atasamba m'manja, naigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, natiuza mtengo wake m'ndalama za kunja, naibwezera m'kabati, n'kukhoma. Nyimboyo amaimvera pa kompyuta. Sindifuna kumuweruza, koma ndikamuona ndimakumbukira kapolo uja wa m'fanizo amene adakwirira ndalama ya mbuye wake pansi, ndipo sindidamve kuti adayamikidwa.

Abale awo a Chipsera nawonso ndi mbumba yaikulu yolemekezeka, ngakhale akatswiri a makina akhala akuwathamangitsa zaka zonsezi. Ku Richmond, m'chigawo cha Indiana, kumene King Oliver adajambula mu 1923 ali ndi Armstrong wachinyamata pambali pake, nyumba yojambulira ya Gennett idali m'mphepete mwa njanji, ndipo sitima ikamadutsa ntchito inkaima. Pa 25 June 1961, Bill Evans ataimba ku Village Vanguard mu New York, makina adagwira nyimbo pamodzi ndi kugundana kwa matambula ndi macheza a anthu amene sadadziwe kuti akukhala pa chinthu chosadzabwerezeka, pakuti Scott LaFaro woimba besi m'gulu lakelo adafa pa ngozi ya galimoto pa 6 July. Lero okonda jazi amatchera khutu ku matambulawo ndi ulemu wonga wa m'tchalitchi. Dean Benedetti adatsata Charlie Parker mu 1947 ndi 1948 ndi kamakina kosalongosoka, akuyatsa Parker akayamba ndi kuzimitsa akangoleka, ndipo zidutswa zodzala phokosozo anthu adazigula ndi ndalama zambiri zitatulutsidwa mu 1990. Ndipo chodabwitsa koposa nachi: Ellington ataimba ku Newport mu 1956, usiku umene Paul Gonsalves adazungulira nyimbo imodzi ka 27 ndi sakisofoni yake, kampani idajambulanso zigawo zina m'chipinda chotsekedwa, ndipo poona kuti mwangoti zii, idathiramo kuomba m'manja kwabodza. Masiku anonso achinyamata opanga nyimbo pa kompyuta, atalandira mawu oyera amene makolo awo adawalakalaka osawaona, amathiramo mwadala kuthetheka kwa mbale yakale kuti nyimbo yawo imveke ya anthu. Mwala uja omanga adaukana wabwerera ndi ulemerero.

Sindibisa kuti m'mbiri yawo muli banga limodzi, pakuti adatumikirapo Kaisara. M'masiku a tsankho ku South Africa, akuluakulu a wailesi ya boma akaiopa nyimbo ina, sankataya mbale yonse, koma ankatenga chitsulo chosongoka nakala nyimbo yokhayo, kuti woulutsa mawu asaiimbe ngakhale mwangozi. Galu wamkota sakandira pachabe. Koma ngakhale pamenepo a Chipsera adagwira ntchito ya mboni, chifukwa aliyense wosolola mbaleyo ankadziwiratu nyimbo yoyenera kukaifunafuna kunja.

Kuyambira pamenepo chikondi cha akuluakulu pa mkuluyu sichidathe, ndipo ena adatengera ndi mayankhulidwe ake omwe. Pa chionetsero china cha jazi m'hotela ina ya m'tauni mwathu, chimene chidalengezedwa kuti chiyamba 2 koloko, tidakhala padzuwa oimba atagwira zida zawo kufikira mlendo wolemekezeka adafika dzuwa litapendeka, pakuti lipenga silingalire bwana asanakhale pansi. Adaimirira, natiuza kuti boma likuiunikira nkhani ya luso la achinyamata. Natiuza za ulendo wake wa kunja, nabwerera kunena kuti nkhaniyo ikuunikiridwa. Natchula mayina a onse okhala pa mipando ya kutsogolo, nabwereranso pomwepo. Ndidawazindikira mawuwo, pakuti chaka chathachi adaanenanso bwana wina, ndipo za msewu wa kwathu ndi za mpope wa madzi akhala akuziunikira chibadwire mdzukulu wanga uja. Atatha, gulu lidaimba nyimbo ziwiri, magetsi n'kuzima. Kusiyana kwake n'kwakuti singano ikakakamira pa mzere umodzi, umangosanjika kobiri pamutu pake, ndipo imapitirira. Anthu odziwa za m'maofesi amandiuza kuti njira yomweyo imagwiranso ntchito kumeneko, kungoti kobiri limodzi silikwana.

Nditsirize ndi kuyamika atumwi awo, amene popanda iwo a Chipsera sakadafalikira chotere, ndipo wamkulu wa atumwiwo ndi alamu anga. Iwowa sagula mbale, pakuti amati kugula chimene mlamu wako ali nacho n'kunyoza chibale. Amabwereka ya Mashiyane kuti ikaimbe pa ukwati wa tsiku limodzi, nibwerera mvula itagwa, ili m'chikuto cha nyimbo za kwaya, pakati pake pali chizindikiro cha kapu ya tiyi. Ndikaipendeka pa zenera osanena kanthu, iwo amayamba okha: "Inali choncho kale, alamu, mwina simunaionetsetse." Ine ndine mkamwini pamudzi pano, ndipo mayi a kunyumba, amene ndi mlongo wawo, adagamula kalekale kuti mbale ndi chinthu chakunja koma mbale wawo ndi magazi. M'mawa uno atuma kamwana kudzatenga ya Ellington, ati Loweruka kuli chinkhoswe. Ndaikulunga bwino m'nyuzipepala, ndipo kamwanako katafika pa chipata kabwerera kudzanena kuti agogo ati mutumizenso singano, chifukwa yawo ija azakhali adazulira minga.