Amalume awachotsa pa gulupu

Agogo anga kuno ku Manje amadziwa gulupu imodzi yokha basi: chipatala cha Gulupu, chija ophunzira amati Queen Elizabeth Central Hospital. Tsiku lina mdzukulu wawo anabwera akuthamanga. "Agogo, amalume awachotsa pa gulupu!" Gogo anaimba nthungululu mpaka nkhuku kubalalika. "Ambuye alemekezeke! Koma ana inu, bwanji osandiuza kuti anagonekedwa?"

Tinavutika kuwafotokozera kuti mwana wawoyo ali gwa, kungoti wapalamula pa WhatsApp.

Mlandu wake unali wotere. Kutagwa zovuta ku Bangwe, achibale anatsegula gulupu yosonkhera chipepeso. Wina pa Airtel Money, wina pa Mpamba, msungichuma akulemba mayina mwaulemu. Pakati pa mndandandawo, amalume anaponya chithunzi cha nkhuku zoyera: "Zakula, tikubweretserani mpaka pakhomo." Mchemwali wawo anawadzudzula kuti, "Achimwene, pano ndi pamaliro." Iwo osatekeseka: "Nanga adzukulu okumba manda adyera chiyani?" A admin anawachotsa nthawi yomweyo. Ndamva kuti asanatero anayamba awafunsa kumbali kuti imodzi ndi zingati.

Ine amalume ndimawamvetsa pang'ono, ndi geni. Amene andithera nzeru ndi mayi oyandikana nafe nyumba. Iwo ali m'magulupu asanu ndi awiri: ya Mvano, ya banki m'khonde, ya makolo kusukulu, ya chitetezo cha m'dera, ya anthu akumudzi kwawo, ya mwambo wa chinkhoswe chomwe chinachitika kalekale, ndi ina yomwe palibe akukumbukira kuti anaitseguliranji. Tambala akangolira, amatumiza duwa lofiira lolembedwa kuti "Mwadzuka bwanji okondedwa" konseko. Tsoka lake, Manje ndi wamng'ono. Inenso ndili m'magulupu omwewo. Duwa limodzi ndimalilandira kasanu ndi kawiri, ndipo pofika nthawi ya tiyi bandulo yanga imakhala itafota, duwalo likadali mbuu.

Eni ake a WhatsApp anayesa kutithandiza. Mu 2019 anaika malire akuti uthenga uzipatsiridwa malo asanu okha nthawi imodzi. Mayiwa anangoyamba kuyenda maulendo awiri ngati wakabaza wonyamula banja. Mu 2020 anakhwimitsanso: uthenga umene wazungulira kwambiri uzipita kumodzi kumodzi. Iwo amakhala pakhonde ndi kapu yawo, nkumaugawa khomo ndi khomo ngati ogulitsa tomato. Anthu a ku California sanakumanepo ndi mayi wa Mvano amene watsimikiza mtima.

Nthawi imodzi yokha sitinadandaule. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche nkukokolola nyumba kuno ndi ku Chilobwe, zithunzi za anthu osowa zinkalowa paliponse, pa gulupu ya mpira ndi ya kwaya yomwe. Palibe admin anati "mwasochera". Mayi athu aja ndi amene ankafalitsa msanga kuposa tonse, poti njira zonse ankazidziwa kale.

Koma musaganize kuti aliyense wochoka pamutu wa nkhani amatero mosadziwa. Pa banki m'khonde yathu, msungichuma akangolemba kuti "Amene simunabweze ngongole, tsiku lomaliza ndi Lachisanu," pali bambo wina amayankha mphindi yomweyo: "Koma Maule chaka chino palibe chawo." Basi moto wabuka. A Bullets uku, a Wanderers uku, wina akukumbutsa chigoli chomwe anachiwona yekha pa Kamuzu Stadium ali mnyamata. Pofika madzulo uthenga wa ngongole wakwiririka pansi penipeni, wosafukulika ngakhale ndi khasu. Bamboyu ndimamudziwa bwino. Mpira sawonera, ndipo mukamufunsa kuti Manoma amavala mtundu wanji amayang'ana kumwamba.

Ndiye pali osochera enieni. Alamu anga a ku Zingwangwa, usiku wina, analemba kuti: "Ndafika pasiteji, tuluka mwakachetechete." Uthengawo unakagwera pa gulupu ya kwaya ya kutchalitchi, momwenso muli akazi awo. Anaufufuta msangamsanga, koma WhatsApp imasiya chipsera chouza aliyense kuti apa panali kanthu. Mkulu wa mpingo anayankha modekha: "Tawona, bambo. Koma kwaya ndi Lachinayi, ndipo timakumana kutchalitchi, osati pasiteji." M'mawa mwake alamu anapepesa kuti mwana ndiye amaseweretsa foni. Mwanayo ali ndi miyezi isanu ndi itatu. Mano alibe, koma mawu oti "mwakachetechete" anawalemba osaphonya chilembo.

Za amalume zija zinatha bwino. Maliro atadutsa, banja linakambirana nkuwakhululukira, poti nkhuku zawo zinadyedwadi pasiwa. Mdzukulu uja anathamangiranso kwa gogo. "Agogo, amalume awabwezeranso pa gulupu!" Gogo sanayankhe. Analowa m'nyumba, anaphika phala, analithira m'fulasiki, anamanga chitenje, kenako anatambasula dzanja kuti tiwapatse ya minibasi.